Funso: Kodi Goya ankaupanga bwanji mdima wa m'zithunzi zake?

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Ndikukonza phunziro la Francisco Goya, wojambula wa kunyumba yachifumu ku Spain. Mu Los Caprichos, zithunzi 80 zosindikizidwa ndi zimbale za mkuwa zomwe anatulutsa mu 1799, muli mdima wosalala wopanda mizere. Unkabwera bwanji? Nanga bwanji chithunzi chomwecho pena chimakhala chakuda bii, pena chosuluka?

Woyankha woyamba: Achimwene, yambani ndi pepala. Zambiri Goya ankayamba wazijambula ndi choko chofiira, kunyowetsa pepalalo, n'kulipanikiza pachimbale cha mkuwa kuti chithunzi chidinde. Mizere ankaikanda ndi singano pa phula lomatira mkuwawo, asidi n'kudya mokandidwamo.

Mdimawo ndi aquatint. Mumawaza fumbi la utomoni pamkuwa, n'kutenthetsa kunsi pang'onopang'ono mpaka timibulu timamatire. Asidi amadya mipata ya pakati pa timibuluto, inki n'kumakhala m'timaenjemo. Pofunika kuyera mumapakapo vanishi musanaviike. Viikani, tulutsani, tsekani pomwe pakwana, viikaninso. Pokhalitsa mu asidi ndiye podera kwambiri.

Woyankha wachiwiri: Awuzeninso ophunzirawo pomwe zimavuta. Moto ukachuluka utomoni umasungunuka n'kuphimba mkuwa wonse, asidi sadutsa, pepala limatuluka loyera. Fumbi likachepa asidi amasesa malo onse, ndipo popukuta inki imachoka, mumapeza zotuwa zamathothomathotho. Podetsetsa Goya ankapasalaza ndi kachitsulo kuti pawale.

Woyankha wachitatu: Za kusulukazo, mkuwa ndi wofewa. Ukamapanikizidwa m'makina timaenje timafufutika, ndipo mdima umayamba kutha mizere ikadalipo. Mu 1803 Goya anapereka zimbalezo kwa mfumu posinthana ndi penshoni ya mwana wake Javier. Zili ku Calcografía Nacional, nyumba yosunga zimbale zosindikizira ku Madrid, komwe zinasindikizidwanso kangapo Goya atamwalira ku Bordeaux, ku France, mu 1828. Sonyezani ophunzira zosindikizidwa mu 1799, poti zam'mbuyozo zimamunamizira munthuyu.

Musasiyenso mbiri yake. Anakhala wojambula wa Mfumu Charles IV mu 1789, matenda anamugonthetsa makutu cha mu 1793, ndipo chaka chomwe ankaseka ansembe ndi olemera mu Los Caprichos ndi chomwe anakwezedwa kukhala wojambula wamkulu wa mfumu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Zojambula za choko chofiirazo ndingazione kuti?

Woyankha woyamba: Ku Museo del Prado, nyumba yosungira zojambula ku Madrid. Zambiri zili patsamba lawo la intaneti, ziikeni pambali pa zosindikizidwazo muziyerekeze.