Mipeni ya makina ophwanyira pulasitiki ikubuntha msanga, ina ikubenthuka: vuto lili pati?

Nyalugwe77 analemba:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Makina ake ndi granulator ya mota ya 22 kW, mipeni itatu yozungulira pa rotor (chitsulo chozungulira chimene mipeniyo imamangidwapo), iwiri yokhazikika, sefa ya mabowo a 10 mm. Timaphwanya mabotolo a pulasitiki ya mtundu wa PET ndi zigubu za pulasitiki ya mtundu wa HDPE. Mipeni ikanoledwa sichedwa kubunthanso: fumbi limachuluka, mota imatentha, pulasitiki imayamba kumatirira pa sefa. Iwiri yabenthuka kukamwa. Timanola ndi grinder yam'manja, ndipo mpata wa pakati pa mipeni timayeza ndi kachidutswa ka katoni. Kodi chitsulo chake ndi chachabechabe, kapena tikuphonya pomangirira?

FitalaWakale anayankha:

Achimwene, chitsulo musachinamizire. Grinder yam'manjayo ndi imene ikukudyerani mipeni.

Mipeni yambiri ya granulator ndi ya chitsulo cha D2, ena amalemba SKD11 kapena 1.2379, cholimbitsidwa mpaka pa 58 kapena 60 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo). Chitsulo chimenechi sichifuna moto. Mukanola popanda madzi, kukamwa kwa mpeni kumapsa, ndipo mukawona mtundu wachikasu kapena wabuluu m'mphepete dziwani kuti pamenepo pafewa kale. Mwinanso pachita timing'alu tosaoneka ndi maso, ndiye tomwe timasanduka kubenthuka mpeni ukangokumana ndi khosi lolimba la botolo. Chinanso, dzanja la munthu silingawongole mzera wa theka la mita. Pakati pamadyeka kuposa kunsonga, ndiye mpata sungafanane.

Pitani nayo kwa amene ali ndi surface grinder yothira madzi, makina onolera amene amasalaza chitsulo mofanana ponseponse. Azichotsa pang'onopang'ono, 0.01 mpaka 0.02 mm ulendo umodzi, osasintha kupendekeka kumene mpeni unabwera nako. Itatu ya pa rotor inoledwe pamodzi kuti itsale yofanana msinkhu ndi kulemera. Umodzi ukapepuka rotor imanjenjemera, mabeyaring'i nkuyamba kulira. Musadikirenso kuti ifike pobunthiratu. Mpeni wongoyamba kufooka umachira pochotsa 0.2 kapena 0.3 mm, koma wobenthuka muyenera kudya chitsulo mpaka chibenthucho chithe, ndipo anzake onse adyedwa chimodzimodzi ngakhale alibe mlandu.

Za katoni zija zisiyeni. Feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, siyokwera mtengo. Pa mabotolo ndi zigubu mpata ukhale 0.2 mpaka 0.3 mm, pa mapepala opyapyala ngati majumbo uchepe kufika cha pa 0.15 mm, pokhapokha buku la makina anu litanena zina. Katoni ngakhale yopyapyala imafika theka la milimita. Pa mpata wotere mpeni sudula, umangokoka ndi kung'amba, ndipo fumbi ndi kutentha mukunenako zikuchokera pomwepo.

Sipanala19 anayankha:

A Fitala anena zoona, ine ndiwonjezere za kamangidwe, chifukwa mpeni wonoledwa bwino umathekanso kusweka tsiku loyamba.

Musanatsegule, zimitsani pa swichi yaikulu, ikanipo loko, kiyi akhale m'thumba mwa amene akulowetsa manja. Batani lofiira lokha si chitetezo. Rotor itsekeni ndi chitsulo chake chotsekera, ngati palibe ikani thabwa lolimba, chifukwa mukachotsa mpeni umodzi mbali yolemera imagwa yokha, ndipo zala zimathera pamenepo. Valani magolovesi osadulika.

Mukachotsa mipeni, pokhalira pake papukuteni mpaka pawale. Palani pulasitiki yosungunuka, dzimbiri ndi tizidutswa tonse, mutsuke ndi palafini, muumitse. Anthu amapadumpha pamenepa chifukwa ndi potopetsa, koma kanyenyeswa kamodzi kakatsala pansi pa mpeni, mpeniwo umakhala m'malere. Mukamanga mabawuti umapindika, ndipo D2 sapindika nthawi yaitali, amathyoka, kawirikawiri podutsa pa bowo la bawuti. M'mabowo a mazinga namonso upiranimo mpweya. Zinyalala zikadzazamo, bawuti imalimba isanapanikize mpeni, inu nkumati mwamanga.

Mabawuti akhale a giredi yomwe inabwera ndi makina, nthawi zambiri 10.9 kapena 12.9, nambala imalembedwa pamutu. A 8.8 ogula pa hadiweya asalowemo. Amene mutu wadyeka kapena mazinga atambasuka, tayani. Ambiri amasintha onse akamaika mipeni yatsopano, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa rotor yowonongeka.

Yambani ndi mipeni ya pa rotor, yokhazikika mutaibweza kumbuyo. Mangani mabawuti ndi dzanja kaye, kenako ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) kuyambira bawuti yapakati kupita kunja, maulendo awiri: koyamba theka, kachiwiri mphamvu yonse. Bawuti ya M16 (yokhuthala 16 mm) ya giredi 10.9 yopanda mafuta imafuna pafupifupi 300 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), koma tsatirani nambala ya m'buku lanu, ndipo kumbukirani kuti mazinga opakidwa mafuta amafuna yocheperapo. Zoika paipi ku sipanala nkudumphirapo zimadula mabawuti.

Tsopano zungulitsani rotor ndi dzanja, mupeze mpeni umene watulukira kwambiri. Mpata muyezere pa umenewo. Sendezani wokhazikika ndi mabawuti ake okankhira, yezani kumanzere, pakati ndi kumanja, ndipo muchite zimenezi pa mpeni uliwonse mwa itatuyo, ku yokhazikika yonse iwiri. Mukamanga yezaninso, chifukwa pomanga mpeni umasuntha. Pomaliza zungulitsani kangapo mukumvetsera. Pasamveke kukhudzana ngakhale pang'ono. Lizani makina opanda kanthu mphindi zisanu, ndipo akagwira ntchito maola angapo oyamba muzimitse, mubwerezenso kumanga mabawuti ndi torque wrench.

Mai_a_Tadala anayankha:

Bambo, zonse zanenedwazi chitani, koma ine ndikukayika ngati kubenthukako kukuchokera ku grinder yokha. Mpeni wopsa umabuntha msanga, inde. Koma chibenthu chachikulu, chooneka ngati dzino loguluka, nthawi zambiri ndi chitsulo chimene chalowa ndi katundu: msomali, waya womangira mabelo, sipuling'i ya m'zopopera za mabotolo a mafuta odzola. Yang'anani ngati chibenthu cha pa rotor chikuyang'anizana ndi china pa mpeni wokhazikika. Zikayang'anizana, chinadutsapo chinthu. Ikani maginito amphamvu polowera, komabe osadalira okhawo chifukwa aluminiyamu ndi miyala sizigwidwa. Pafunika munthu wosankha ndi manja.

Ndiye mchenga. Mabotolo otoledwa m'ngalande ndi kudzala amabwera ndi dothi, ndipo dothi limanola mpeni chammbuyo. Kuwagwedeza pa sefa ya waya kapena kuwatsuka musanaphwanye kumatalikitsa moyo wa mipeni kuposa kugula chitsulo chokwera mtengo.

Musanayeze mpata, gwirani rotor muyese kuitukula ndi chitsulo. Ikamagwedera, mabeyaring'i atha, ndipo 0.2 mm yanuyo ndi yongolemba. Makina akathamanga mipeni idzamenyana. Onaninso sefa: mabowo akadyeka m'mphepete kapena akatsekeka, zophwanyika zimangozungulira mkati, kudulidwa kawiri katatu, nkusanduka fumbi. Malamba olefuka nawo amachepetsa liwiro la rotor katundu akachuluka.

Nthawi yonolera musamaiyeze ndi masiku. Mipeni ikangomangidwa kumene, lembani ma amp (muyeso wa magetsi) amene mota ikukoka pa katundu wanthawi zonse. Akakwera moonekeratu pa katundu yemweyo, nthawi yakwana. Ndipo khalani ndi mipeni ya seti ziwiri, ina ili m'makina ina ili konoletsa, apo ayi mudzapitiriza ndi yobuntha poopa kuimitsa ntchito.

Kanthu kena kakang'ono: magetsi akathima makina ali odzaza, musadzawalize choncho akabwera. Tsegulani, chotsani zonse. Kuyamba rotor itapanikizika kumapsereza malamba ndipo kumasuntha mipeni.

Nyalugwe77 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Zibenthu zikuyang'anizanadi pa mpeni umodzi. Nanga iwiri yobenthukayo, sitingaiwotcherere nkuinolanso? Wowotcherera wina akuti ali ndi ma rod (ndodo zowotcherera) olimba.

FitalaWakale anayankha:

Ayi achimwene, pa granulator musayerekeze. D2 ikawotcheredwa wamba imang'aluka m'mbali mwa chowotchereracho ikamazizira, ndipo rotor yothamanga maulendo 400 kapena 600 pa mphindi ikhoza kuponya chidutswacho. Ma rod amene akunenawo ali ndi malo ake: amamangira mano a ma shredder, makina ophwanyira a mashafiti awiri, oyenda pang'onopang'ono, odula matayala ndi migolo, ndipo nawonso amayamba atenthetsa chitsulo, nkuchiziziritsa mwapang'onopang'ono. Ndi makina ena, chitsulo chinanso.

Yanuyo muione chonchi. Ngati chibenthu ndi chosazama, milimita imodzi kapena iwiri, anole seti yonse mpaka chithe. Kenako onani ngati mpeni wokhazikika ukadali ndi posendera pokwanira kutseka mpata, komanso ngati mabawuti akugwirabe bwino m'mabowo ake otalika aja. Posendera pakatha, mipeni yatha, musaikire tizitsulo kumbuyo kuti ifike. Tembenuzaninso yokhazikikayo muione: pa makina ambiri imakhala ndi mbali ziwiri zakuthwa, mwina ina simunaigwiritsepo ntchito. Koma ngati pali mng'alu wolowera ku bowo la bawuti, umenewo usabwererenso m'makina. Pukutani mpeni ndi palafini muuyang'ane pa dzuwa, mng'alu umaoneka ngati kaulusi kakuda. Pogula ina tengani wakale ngati chitsanzo, ayeze kutalika, kukhuthala ndi mtunda wa pakati pa mabowo, ndipo mugule itatu yonse ya pa rotor nthawi imodzi.