Bwanji zipolopolo zina zimalowa mosavuta mu mfuti ya boliti pomwe zina zimakakamira?

Mlenje77:
Moni akuluakulu. Ndili ndi mfuti ziwiri za boliti (chitsulo chomwe umakoka n'kukankha ndi dzanja kuti chilowetse chipolopolo), ina ya .30-06 yakale ndithu, ina ya .300 WSM yomwe ndagula chaposachedwapa. Ya .30-06 ija ukakankha boliti chipolopolo chimangotsetsereka mpaka mu chemba (bowo la kumbuyo kwa mpope wa mfuti momwe chipolopolo chimakhala powombera) osamva kuti chagunda paliponse, koma ya WSM iyi chipolopolo chachiwiri chimadzutsa mutu kenako n'kukakamira pakhomo pa chemba, ndipo nthawi zina boliti imangodutsa pamwamba pake osachitenga n'komwe. Ndatsuka, ndathira oyilo, palibe chasintha. Mnzanga wina akuti vuto ndi kapangidwe ka kesi yake (chigoba cha mkuwa cha chipolopolo) poti ndi yaifupi komanso yonenepa ndiye ndingozolowera. Zoona zimenezi? Kapena mfutiyi ndiye ili ndi vuto?

MadalaMauser:
Achimwene, mnzanuyo sananame koma wangonena theka. Tengani zipolopolo ziwirizo muziimike pa tebulo moyandikana. Cha .30-06, chomwe chinatuluka mu 1906, ndi chachitali, chimanka chiwonda pang'onopang'ono chakutsogolo ndipo phewa lake (pamene kesi imachepera kulowera kukhosi) ndi lotsetsereka, madigiri 17.5 basi. Cha .300 WSM chinabwera mu 2001, thupi lake ndi longowongoka ndipo phewa ndi madigiri 35.

Tsono taganizani ulendo umene chipolopolo chimayenda. Chili pansi mu magazini, chakhala kumbali imodzi poti zimasanjana china kumanzere china kumanja, ndiye chikuyenera kukwera, kukhotera pakati, n'kulowa m'bowo, zonsezo pa kamtunda kochepa. Chachitali chimakwera mwa phee, mutu umakhala walowa kale mu chemba kumbuyoku kukadagwiridwa ndi timilomo ta magazini. Chachifupi chonenepa chilibe mpata umenewo, chimadzuka mwadzidzidzi, ndiye phewa lija limakagunda m'mphepete mwa chemba, ndi kugunda komwe mukukumva m'dzanjako.

Za boliti kudutsa pamwambazo ndi nkhani ina. Rimu (mkombero wa kumbuyo kwa kesi) ya WSM ndi yocheperapo kuposa thupi lake, rimu mainchi .535 pomwe thupi ndi .555, ndiye pamene boliti imagwira kuti ikankhe ndi pochepa. Chipolopolo chikangokhala pansi pang'ono chabe boliti imachiphonya. Si zachilendo, .284 Winchester ya mu 1963 ilinso ndi rimu yotere, ndipo .425 Westley Richards rimu yake inali yaing'ono kwambiri moti anachita kuika timapanilo m'mbali mwa magazini togwira chipolopolo kuti chisathawe boliti.

Mukafuna kuona kesi yopangidwira kulowa ndi kutuluka, onani .375 H&H ya Holland & Holland aku London, ya mu 1912. Kuwonda kwake kumaoneka ndi maso, phewa ndi laling'ono moti anaiveka lamba kumbuyo kuti ndiye aziimitsa kesi pamalo pake mu chemba. Ankadziwa kuti ikagwiritsidwa ntchito kotentha kumene onga wa cordite unkakweza mphamvu, ndipo munthu amene njati ikumulondola safuna kesi yomatirira. Ine ndimaikonda kwambiri pa chifukwa chimenechi.

Fundi_wa_zitsulo:
Madala mwafotokoza bwino koma pa phewa pokhapo ndikutsutsani pang'ono. .416 Rigby ya mu 1911 phewa lake ndi madigiri 45, kuposa WSM, koma mu mfuti yaikulu ya Mauser yomwe anaipangira imalowa bwinobwino ndipo alenje a nyama zoopsa akhala akuidalira zaka zoposa 100. Ndiye phewa palokha si mlandu. Nkhani yagona poti kodi magazini inapangidwira kesi imeneyo kapena anangoikakamiza.

Mauser 98 anthu amaitama chifukwa cha chikhadabo chake chachikulu chokokera kesi kunja chija koma ambiri saona kuti bokosi la magazini ankalipanga molingana ndi chipolopolo chake, m'lifupi mwake kumbuyo ndi kutsogolo, kuti zikasanjana chilichonse chitsamire khoma ndi zinzake mokwanira thupi lonse. Bokosi likachepa kapena kukula, zipolopolo zimangokhudzana pamalo amodzi n'kumagwedera, china chimatumpha msanga china chimamira mutu. N'chifukwa chake munthu akatenga mfuti ya 7x57 n'kuibowola kuti ikhale ya kesi ina yonenepa, kapena akaisandutsa Ackley Improved ya phewa la madigiri 40 thupi lowongoka, osakhudza magazini, amayamba kudandaula ngati mmene mukuchitiramu. Zili ngati kuvala nsapato ya mwini, phazi limalowa koma kuyenda kwake n'kovuta.

Inu achimwene a WSM, musanataye mtima yambani ndi sipuling'i ya magazini. Ikafooka kumbuyo kwa chipolopolo sikukwera mokwanira ndipo ndi rimu yanu yaing'onoyo boliti iphonya basi. Kenako onani kambale kamene zipolopolo zimakhalapo, mukakadina ndi chala kazitsika n'kukwera osapendekeka kapena kukhula khoma. Poyesa gwiritsani zipolopolo zabodza zopanda onga ndi pulaima (kachinthu koyatsa onga), chonde osayesera zamoyo m'nyumba. Kankhani boliti pang'onopang'ono mukuyang'ana pamene chipolopolo chikumasuka, ndipo mukachitulutsa onani pamene mkuwa wakalika, zipserazo zimakuuzani pomwe chikugunda. Koma fayilo musaigwire. Timilomo tija mukatipala mopitirira simungabwezeretsenso chitsulo, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti.

Mlenje77:
Zikomo kwambiri nonse, sipuling'i sindinaiganizire. Koma ndifunsenso, ngati kesi yaitali yowonda imalowa bwino chonchi, makampani akupangiranji zonenepazi? Ngakhale 6.5 Creedmoor yomwe aliyense akuikamba ndi yowongoka ndithu.

Chimwemwe_308:
Chifukwa kulowa si chinthu chokhacho chomwe anthu amafuna bwana. Kesi yaifupi imakwana mu akishoni (chigawo cha mfuti chomwe boliti imayendamo) yaifupi, mfuti imapepukako ndipo boliti imayenda kamtunda kochepa. Thupi lowongoka limanyamula onga wambiri pa utali womwewo. Komanso amene amadzazanso makesi awo amadziwa kuti kesi yowonda ya phewa lotsetsereka ngati .300 H&H imatalika ukamaiwombera ndiye umangokhalira kuidula, pomwe ya phewa lakuthwa imakhalitsa. Creedmoor ya kampani ya Hornady, ya mu 2007, phewa ndi madigiri 30 koma simumva anthu ambiri akulira nayo chifukwa si yonenepa ngati WSM, rimu yake ndi yofanana ndi ya .308, komanso mfuti zambiri zamakono zili ndi magazini yochotsa yomwe imapereka chipolopolo pakati penipeni moyang'anizana ndi chemba, palibenso zokhota kuchokera kumbali. Kuipa kwake magaziniyo imalendewera pansi kapena imanyamula zochepa.

Ndipo osaganiza kuti zakale zonse zinali zabwino. .303 British ili ndi rimu yotuluka kunja, mu Lee-Enfield ukasanja molakwika rimu ya chapamwamba n'kukhala kumbuyo kwa rimu ya chapansi, zimakolana boliti osayenda. Mosin-Nagant ya mu 1891 anaiikira kachitsulo kapadera kotsekereza chipolopolo chachiwiri kuti zisakolane choncho.

Chinanso chomwe sichinatchulidwe ndi dzanja la mwini mfuti. Ena amakoka boliti mwamantha osafikitsa kumapeto, ndiye pobwerera imayambira pamwamba pa rimu. Kokani mpaka igunde, kankhani mwamphamvu. Mutu wa chipolopolo nawonso muuone, wosongoka umakwera bwino pa kamtsetse kolowera mu chemba pomwe waphwatalala umakonda kukodwa pamenepo.

Fundi_wa_zitsulo:
Zoona a Chimwemwe, makamaka za dzanjazo. Achimwene a WSM, poti mwati ndi chachiwiri chomwe chimavuta, dzazani magazini ndi zabodza zija muone ngati chokakamiracho chimachokera mbali imodzimodzi nthawi zonse. Ngati ndi cha kumanzere chokha kapena cha kumanja chokha ndiye kuti ndi kamlomo ka mbali imeneyo kapena kambale kapendekeka, mukamuuze mmisiri zimenezo asayambe kupala mwachisawawa. Ngati mbali zonse zikuchita, sinthani kaye sipuling'i muyesenso.