Thandizeni, mowa wanga wa mpikisano ukusasa

Abale ofulula mowa kunyumba, ndithandizeni chonde. Kagulu kathu ka kuno ku Chilenje mu Lusaka kali ndi mpikisano kumapeto kwa chaka, aliyense abweretse mabotolo atatu oweruza alawe, ndipo ine ndikufunitsitsa kulowa nawo. Vuto ndi kutentha kwa Okutobala uku, yisiti yofululira mowa wa mtundu wa ale imafuna madigiri 18 mpaka 20 koma m'nyumba mwanga masana kukumapitirira 30, ndiye mowa wa chimera cha mapira chomwe ndinagula ku msika wa Soweto ukununkha ngati nthochi yakupsa kwambiri komanso wayamba kusasa. Chigubu ndachikulunga ndi thaulo yonyowa n'kumachipepesa ndi fani kuti chizizire, koma magetsi akangozima fani imaima basi. Inu mumaziziritsa bwanji popanda firiji? Nanga uwu ungapulumuke kapena ndingoutaya ndiyambirenso?