Ntchito ku North Dakota: ndipite kumafuta kapena ku Fargo?

Mlendo wa ku Dallas: Moni nonse akuluakulu. Green card yanga inatuluka chaka chatha, koma ya mu warehouse yomwe ndikugwira kuno ikungothera lendi. Mnzanga akuti ku North Dakota ntchito zikuchita kusowa anthu, ndiye ndithamangire ku Williston kumafuta. Inu muli komweko tandiuzeni zoona zake ndisanamange katundu.

Malume a ku Williston: Mphwanga, mnzakoyo sananame, koma wakuuza mbali imodzi. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 672,591 m'boma lonse lino, wa 2020 anapeza 779,094. Ambiri a kuno kuzambwe anakokedwa ndi mafuta okumbidwa m'dera la Bakken. Ku McKenzie County, kumene kuli Watford City, anthu anachuluka kuposa kawiri m'zaka khumi zomwezo. Ine ndinafika 2014, nyumba zitasoweratu, tikugona mu man camp, kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Ndinkayendetsa thanki yotuta madzi amchere otuluka m'zitsime za mafuta. Ndalama inalipo, sindikana. Koma mtengo wa mafuta utagwa mu 2015, tinachotsedwa m'mawa umodzi wokha, ndipo chifukwa chipinda chinali cha kampani, ntchito ndi pogona zinapitira limodzi. Ndinagona m'galimoto milungu iwiri. Mu 2020 zinabwerezanso. Ukafuna kuno, bwera ndi CDL (laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu) ya Class A yokhala ndi chilolezo cha thanki, ndipo nyumba uchite lendi m'dzina lako.

Mlendo wa ku Dallas: Malume, CDL ndilibe. Ndili ndi laisensi wamba.

Achemwali a ku Fargo: Ndiye achimwene bwerani kuvuma kuno. Anthu akamva kuti chiwerengero chakwera amaganiza kuti ndi paliponse, pomwe ayi. Chikukwera ku Fargo, West Fargo, Bismarck ndi kumafutako. Timatawuni ta kuminda tikuchepa anthu: ana akamaliza sukulu amapita m'mizinda kapena ku Minneapolis, kutsala agogo okhaokha. Agogo amenewo ndiwo ntchito yathu. Ine ndinayamba ya CNA, yothandizira anamwino, m'nyumba yosamalira okalamba. Maphunziro ake sachepera maola 75, kenako mayeso, ndipo nyumba zambiri zimakuphunzitsani zokha bola mugwire nawo. Pali mayi wina wa zaka zoposa 90 amene ndimamupesa tsitsi m'mawa uliwonse. Ana ake ali kutali, amangoimba Lamlungu. Ndikamumanga nsapato ndimakumbuka agogo anga ku Dedza. Si ntchito yopepuka, msana umamva, koma mafuta akwere kapena atsike, okalamba amafuna wowasambitsa.

Musaope mukawerenga kuti malipiro otsikitsitsa ndi $7.25 pa ola. Limenelo ndi lamulo chabe, ine sindinakumanepo ndi CNA wolandira zimenezo. Funsani za shift differential, ndalama yowonjezera ya usiku ndi kumapeto kwa sabata.

Namwino wa ku Bismarck: Ndionjezere pa mawu a achemwali, poti ena pano akuwerengera NCLEX, mayeso opezera laisensi ya unamwino. North Dakota ili mu Nurse Licensure Compact, mgwirizano woti laisensi imodzi ya unamwino izigwira ntchito m'maboma onse amene alimo, koma Minnesota mulibe. Fargo ndi Moorhead ya ku Minnesota zangosiyana ndi mtsinje wa Red River, koma laisensi ya kuno siwoloka mlatho, mufunika ya Minnesota payokha. Ndipo amene amakhala ku Fargo n'kumagwira ku Moorhead, lembani fomu ya MWR chaka chilichonse kuti asakuduleni msonkho wa Minnesota. Ambiri amaiwala, n'kumadzavutika kuitanitsa ndalama yawo yomwe.

Bambo a ku Grand Forks: Mukafika dzinja lisanayambe, pali ganyu wokolola sugar beet (mbewu yopangira shuga) mu October, wa American Crystal Sugar ndi alimi ake. Maola 12 patsiku, milungu iwiri kapena kuposerapo malinga ndi nyengo. Ine ndinagulira galimoto yanga yoyamba pamenepo. M'mindamo mukumana ndi anyamata ambiri a ku South Africa a viza ya H-2A. Yawoyo ndi yanyengo, yomangika kwa mlimi amene anawaitana. Inu wa green card muli ndi ufulu wosintha, musalole wina akuopsezeni ngati mulibe kolowera.

Achemwali a ku Fargo: Za kuzizira palibe wanena! Achimwene, jekete ya ku Dallas isiyeni komweko. Mu January kumafika -30. Galimoto muikitse block heater yotenthetsa injini, ija chingwe chake chimalendewera kutsogolo, muzilumikiza kumagetsi usiku. Posaka nyumba funsani ngati pa parking pali soketi komanso ngati heat ili mu lendi. M'buti musamasowe bulangeti, fosholo ndi ma jumper cable.

Malume a ku Williston: Mvera achemwali akowo, mphwanga. Yamba ku Fargo, ukhazikike, CDL uzichita pang'onopang'ono. Ukadzaitenga undiuze, ndidzakuonetsa makampani amene amalipira pa ola m'malo mwa pa ulendo.

Mlendo wa ku Dallas: Zikomo kwambiri makolo anga. Ndasankha Fargo. Lendi ya kuno ikutha mu August, ndinyamuka ikangotha kuti ndipezeko ganyu wa beet uja. Achemwali, ndikulemberani kumbali za kalasi ya CNA.

Achemwali a ku Fargo: Lembani madzulo ano, ndikutuluka 7 koloko. Pobwera mutitengereko ufa ndi usipa ngati ziliko kumeneko, wathu watha.