Payipi yofewa ikutuluka thukuta chisiyireni DOP

Wa mapaipi:
Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Timapanga mapaipi ofewa a PVC, oonekera mkati aja. Kasitomala wathu wamkulu anati sakufunanso phthalate, gulu lina la mafuta ofewetsera PVC, chifukwa katundu wake amapita ku Ulaya, ndiye tinasiya DOP, yomwe ndi phthalate, n'kuyamba mafuta ena ofewetsera otchedwa DOTP. Tikusakaniza chonchi: ufa wa PVC wa mtundu wa K70 magawo 100, DOTP 48, ESBO (mafuta ochokera ku soya) 12, stabilizer (mankhwala oteteza PVC kuti isapse) ya calcium ndi zinc 2.5. Moto wa makina ndi wakale womwe uja. Payipi ikagona yokulunga mosungira katundu, mkati mwa mapindikidwe mumanyowa mafuta, ukaigwira imamata, fumbi n'kumakakamira. Chondisowetsa tulo kwambiri n'chakuti labu ya kasitomala yapeza phthalate yotchedwa DEHP yopitirira 0.1 peresenti, chikhalirecho chisinthireni sitinagule DOP ngakhale dontho. Wogulitsa DOTP akulumbira kuti mafuta ake ndi oyera. Ndiyambire pati?

Mayi wa ku labu:
Achimwene, tiyambe ndi DEHP, poti DOP ndi DEHP ndi chinthu chimodzi ndipo ndi chomwe chingakuthawitsireni kasitomala. Zotsala zogaya mumazibwezera mu mikisa?

Wa mapaipi:
Timabwezera amayi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Zakale ndi zatsopano zili m'matumba amodzi.

Mayi wa ku labu:
Wakuba wanu ndi ameneyo. Payipi yakale ya DOP, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi DEHP yokhayokha. Mukathira zogayazo 10 peresenti, katundu watsopano akutuluka ndi DEHP pafupifupi 3 peresenti, kuwirikiza malire ka 30. Ngakhale kilogalamu imodzi yokha ya zakalezo itagwera m'makilogalamu 300, mwadutsa kale malire. Lamulo la REACH ku Ulaya, kuyambira pa 7 July 2020, silifuna kuti ma phthalate a DEHP, DBP, BBP ndi DIBP, paokha kapena mukaphatikiza onse anayi, afike 0.1 peresenti mu pulasitiki yofewa ya katundu wambiri. Kuchepa kwa malire amenewa ndi kumene anthu ambiri sakuona.

Musalekere pa zogaya. Yang'anani thanki ya mafuta, pampu ndi mapaipi opita ku mikisa, ngati anatsukidwa kapena DOTP inangothiridwa pamwamba pa zotsalira. Utoto nawonso, makamaka wamadzimadzi uja, ena amausungunulira mu DOP ndipo pa chidebe salemba. Tengani zitsanzo padera: mafuta a m'diramu losatsegula, mafuta a pa mpopi wa thanki, utoto, zogaya. Zonse zikayezedwe ndi GC-MS, makina a ku labu ozindikira mankhwala, chilichonse pachokha. Mukatumiza payipi yokha, labu ingokuuzani zomwe mukudziwa kale.

Mkulu wa mikisa:
Za amayizo n'zoona, ine ndilankhulepo za thukuta. DOTP ndi DOP zimalemera mofanana, koma pa makina si anthu amodzi. DOTP imachedwa kulowa mu ufa wa PVC ndipo imafuna moto wochulukirapo kuti isungunukirane nawo bwino. Inu mwasintha mafuta, moto ndi nthawi mwasiya za DOP. Mafuta omwe sanalowe bwino, payipi ikapindika amafinyika n'kutulukira mbali yothinana, ngati siponji yonyowa ukaipinda.

Mu mikisa, thirani mafuta pang'onopang'ono ufa ukafika madigiri 70 kapena 80, ndipo musautsitse msanga. Udikireni ufike cha m'ma 115 mpaka 120. Ukazizira, tapani m'dzanja n'kufinya. Wouma bwino umayoyoka mukatambasula zala, sutsala chibumba, ndipo ukaupanikiza pa pepala susiya banga la mafuta. Pa extruder, makina otulutsa payipi aja, kwezani moto ndi madigiri 5 mpaka 10, koma pang'onopang'ono, maso ali pa mtundu wa payipi, chifukwa stabilizer ya calcium ndi zinc ikatopa sichenjeza, payipi imangoda mwadzidzidzi.

Koma mwana wanga, ESBO 12 anakulangizani ndani? Ntchito yake yeniyeni ndi kuthandiza stabilizer kugwira asidi wa HCl amene PVC imatulutsa ikatentha. Magawo 3 mpaka 5 ndi okwana. Mukachulutsa, makamaka pa payipi yokhala padzuwa ndi pachinyezi, imatuluka n'kumamata. Kumata mukunenako ndikuganiza kwambiri kuti ndi iyeyo.

Wa mapaipi:
Anatilangiza ndi wogulitsa, bambo, kuti katundu akhale ndi mafuta ambiri ochokera ku zomera. Ndikatsitsa ESBO, kufewa sikuthawa?

Mkulu wa mikisa:
Bwezerani ndi DOTP. Yesani DOTP 56 ndi ESBO 4, kenako yezani kufewa kwake pa muyeso wa Shore A muyerekeze ndi payipi yakale, chifukwa DOTP imafewetsa mocheperako pang'ono kuyerekeza ndi DOP. Ngati makina akukana kukwera moto, chotsani magawo 8 kapena 10 a DOTP muikepo mafuta ena ofewetsera otchedwa dibenzoate, imalowa msanga ndipo imakoka inzake. Kungoti mukaichulutsa payipi imauma m'nyengo yozizira.

Musadikire mosungira katundu kuti mudziwe. Dulani kalamba ka payipi, kapindeni pawiri mkati muthinane, kapanikizeni chomwecho, ndiye pakatha maola 4, tsiku limodzi ndi masiku 7 muzipukuta mkati mwa pindikiro ndi pepala lopyapyala. Ndi mayeso a ASTM D3291 amenewo. Pepala likatuluka louma pa tsiku la 7, gonani tulo.

Wophunzira ntchito:
Pepani akuluakulu, funso la mwana. Dzina lonse la DOTP lili ndi terephthalate, si phthalate yomweyo? Bwanji osangopita ku mafuta a zomera okhaokha, monga citrate, nkhani ithe?

Mayi wa ku labu:
Funso labwino mchimwene wanga. Oletsedwawo ndi a mtundu wa ortho, omwe mikono iwiri ya molekyulu imakhala moyandikana. Ya DOTP ili mbali zotsutsana, ndipo thupi limaiphwanya mosiyana. DEHP ikalowa m'thupi imasanduka MEHP, yomwe pa kafukufuku wa makoswe inapezeka kuti imatsitsa testosterone mwa ana aamuna ali m'mimba, n'chifukwa chake Ulaya anaiika m'gulu la zoononga uchembere. DOTP siionetsa khalidwe limenelo. Komabe imachokera ku mafuta a pansi, ndiye pa chikalata lembani kuti mulibe ortho-phthalate, osalemba kuti ndi yachilengedwe. Kasitomala wozindikira akakugwirani pa bodza laling'ono sakhulupiriranso zina zonse.

ATBC, citrate mukunenayo, ndi yabwino pa zidole ndi pulasitiki yokutira chakudya, ndipo imawola ikatayika. Vuto lake ndi kupepuka. Imauluka pa moto ndipo imasamuka msanga, moti payipi yokhala panja imauma nthawi isanakwane. Ine ndimaona kuti payipi yong'ambika msanga n'kukatayidwa kudzala siinathandize chilengedwe, ngakhale mafuta ake atachokera ku zomera.

Wa mawaya:
Nkhani yagona pa ntchito ya katunduyo. Ife a mawaya lamulo la RoHS, la ku Ulaya lokhudza zipangizo zamagetsi, linatigwira kuyambira July 2019 pa ma phthalate anayi omwewo. Pa waya wamba DOTP ikutikwanira, koma wopirira kutentha kwa madigiri 105 timathira mafuta ena otchedwa TOTM chifukwa sauluka. Kodutsa mafuta a injini, ndi polymeric adipate basi, ina yonse imakokedwa payipi n'kuuma gwa. Ngati payipi yanu ikhudza zakumwa kapena za chipatala, funsani DINCH, ija kampani ya BASF inayamba kugulitsa mu 2002, koma nayonso imachedwa kulowa, mwina kuposa DOTP. Ndipo wina asakunyengeni ndi DINP. Pa payipi wamba ku Ulaya ndi yololedwa, koma ndi ortho-phthalate ndithu, ndipo kasitomala wanu anati sakufuna phthalate.

Wa mapaipi:
Ndabweranso akuluakulu. Mafuta a m'diramu ndi utoto zapezeka zoyera. Zogaya zili ndi DEHP yambiri monga amayi ananenera, ndipo mafuta a pa mpopi wa thanki nawonso ali nayo pang'ono. Thanki ndi pampu tatsuka, zogaya zakale tazipatula. Ndi DOTP 56, ESBO 4 ndi moto wokwerako, pepala latuluka louma pa tsiku la 7. Latsala funso limodzi, matumba a zogaya zakale aja nditani nawo?

Mayi wa ku labu:
Alembeni chizindikiro chachikulu, akhale chipinda china, ndipo asadutsenso pa chigayo chomwe mukugayira zatsopano. Musawaotche, PVC ikapsa imatulutsa utsi wa HCl ndipo imatha kupanga poizoni wotchedwa dioxin. Aperekeni kwa obwezeretsa PVC muwauze poyera kuti muli DEHP, kuti asakathere mu zidole kapena m'zinthu zokhudza chakudya. Makilogalamu oyamba otuluka pa makina otsukawo muwasunge padera mpaka labu iyankhe.