Ma sweet pea anga aja tsopano achita maluwa

Ndabweranso kudzathokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chake njere zanga za sweet pea (maluwa oyanga, onunkhira) zinkangokhala m'nthaka osamera. Zikomo kwambiri, mwandithandiza.

Ambiri munati khungu la njere zake n'lolimba. Ndinaziviika m'madzi usiku umodzi, ndipo zimene sizinafufume ndinazipala pang'ono ndi chowengera zikhadabo, kutali ndi kadiso kake. Patatha masiku 12 zinayamba kutuluka. Komanso ndinabzala nyengo itazizira, poti maluwa amenewa sagwirizana ndi kutentha.

Chimene chinandivuta mumtima ndi kutsina nsonga zitafika masentimita 10. Dzanja linkachita kunjenjemera. Koma mayi amene munalimbikira zimenezi munanena zoona, chifukwa tsinde lililonse linatulutsa nthambi zam'mbali, ndipo panopa zayanga ukonde wonse. M'mawa kafungo kake kamandilandira ndikangotsegula chitseko.

Inu amene mukuyamba kumene, muzithyola maluwa pafupipafupi. Ine ndinalekerera tsinde limodzi mpaka linabala makoko a njere, ndipo linasiyiratu kuchita maluwa. Njere zakezo sizidyedwa, zili ndi poizoni, choncho ana asamazitole.