Zikomo abale, nayi nkhani ya maphunziro a uphungu aja

Ndinafunsa kuno ngati ndisiye mpingo wanga wa Baptist ku Mzuzu kukachita digiri ya masitazi pa uphungu wa ubusa ku seminale, kapena ndiphunzire pa intaneti ndili pakhomo. Zikomo nonse amene munayankha, makamaka abusa achikulire amene munandilangiza kuti ndiyambe ndakambirana ndi madikoni ndisanalembetse kulikonse.

Ndinatero, ndipo mpingo wavomera kuti ndiphunzire pa intaneti ndi seminale ina ya Baptist, uku ndikutumikirabe. A kuseminaleko anandipempha masatifiketi a digiri yoyamba, kalata ya mpingo yondichitira umboni, ndi nkhani ya mayitanidwe anga. Ndalandiridwa, ndayamba kale.

Malangizo amene andithandiza koposa ndi a mayi aja amene anati uphungu saphunzirira m'buku mokha. Ndinapita ku St John of God konkuno ku Mzuzu, kumene amasamalira odwala matenda a m'maganizo, kukafunsa m'mene mbusa angatumizire munthu kwa akatswiri. Zimenezi zandigwira mtima. Wamasiye wolira, banja lokangana, mnyamata amene wamira m'mowa, onsewa amayamba kugogoda kwa abusa. Ena pemphero ndi khutu lomvetsera zimawakwanira, koma munthu amene akulankhula zodzipha ayenera kuonana ndi achipatala tsiku lomwelo, pemphero likupitirira.

Amene mukulingalira zomwezi, funsani ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati digiriyo idzazindikirike m'Malawi musanalipire kalikonse. Fizi ya sukulu zakunja nthawi zambiri imakhala ya madola, ndiye kwacha ikagwa mtengo umakwera. Ikaninso padera ndalama ya bandulo, chifukwa makalasi a vidiyo amadya kwambiri.